Kusankha Ampulifaya ya Mphamvu ya Panyumba



Nkhani ya lero yacokera m'kalata. Aphunzitsi ena a ku Petauke atilembera kuti ali ndi masipika awiri abwino amene malemu atate ao anawasiyira, pamodzi ndi ampulifaya yaing'ono yowaimbitsira, ya mawati 25 mbali iliyonse. Kwa miyezi khumi akhala akupatula kangacepe pa malipiro ao ndi colinga cakuti agule ampulifaya ina yamphamvu, imene amalonda amaichula kuti power amplifier, kuti nyimbo zizimveka bwino koposa m'nyumba mwao. Atapita ku Lusaka pa nthawi ya chuthi, analowa m'sitolo ina napezamo mitundu iwiri. Pa bokosi la yoyamba panalembedwa mawati 3,000 ndi zilembo zikuluzikulu zofiira, ndipo mtengo wake unali wotsika. Pa bokosi la yaciwiri panalembedwa mawati 60 cabe, koma mtengo wake unali wowirikiza katatu. Iwo anabwerera kwao osagula kanthu, ndalama zili m'thumba, ndipo funso lao ndi ili: "Kodi wamalonda uja anasokoneza mitengo, kapena pali cimene ine sindikucimvetsa?"

Anacita bwino kubwerera. Wamalonda sanasokoneze mitengo ai. Koma ciwerengero ca mawati pacokha ciribe zambiri zimene cingauze wogula, pakuti ampulifaya siisankhidwa poyang'ana bokosi lake. Imasankhidwa poyang'ana masipika amene idzaimbitsa ndi cipinda cimene adzaimbiramo. Wogula ampulifaya asanadziwe masipika ake ali ngati uja wogula mbereko mwana asanabadwe.

Poyamba tiyeni tidziwe nchito ya cipangizoci. Tikamva za kukuza mau, timaganiza kuti makinawa amatenga liu laling'ono ndi kulikoka monga mmene mwana amakokera mphira wa legeni. Si tero. Ganizirani mpope wa madzi. Dzanja la mwana wamng'ono lingathe kutsegula ndi kutseka mpope umene madzi ake akucokera m'thanki yaikulu ya pamwamba pa nyumba; mphamvu yothamangitsa madziwo si ya mwanayo, ndi ya thanki. Momwemonso, kamagetsi kofooka kocokera m'foni, m'makina oimbira ma CD kapena m'galamafoni ndiko dzanja la mwana. Magetsi ocokera pa khoma, osungidwa m'kati mwa ampulifaya, ndiwo thanki. Mathiransisita ndiwo mpope, umene umatseguka ndi kutsekeka kambirimbiri pa sekondi imodzi motsatira nyimbo, ndi kutumiza magetsi amphamvu ku sipika kuti ikankhe mpweya.

Ana a sukulu amene munaphunzira kuti mphamvu siilengedwa ndipo siionongeka, koma imangosintha maonekedwe, mwaona kale kumene tikupita. Ampulifaya singathe kupereka mosalekeza mphamvu yoposa imene ikulandira. Tsono mukafika m'sitolo, itembenuzeni, muwerenge kacikwangwani kakumbuyo, pafupi ndi polowera nthambo ya magetsi. Ngati pamenepo palembedwa kuti imadya mawati 80, pamene kutsogolo akulonjeza mawati 3,000, dziwani kuti wina akukuuzani kuti m'dengu lolowa nkhuku zisanu muli nkhuku mazana awiri. Kusiyana pang'ono kungakhalepo, cifukwa mafakitale ena amalemba magetsi amene ampulifaya imadya poimba mwacizolowezi, osati pa mphamvu yake yonse. Koma kusiyana kowirikiza makumi atatu kapena anayi kulibe cifukwa cina koma malonda. Kawirikawiri pambali pa ciwerengero cacikuluco mudzapeza zilembo zing'onozing'ono zakuti PMPO. Palibe lamulo lonena mmene PMPO iyenera kupimidwira, ndipo fakitale iriyonse imalemba cimene yafuna.

Cinyengo cotere si ca lero. M'zaka za m'ma 1960, mathiransisita atalowa m'malo mwa mavalavu, mafakitale anayamba kupikisana pa ciwerengero ca mawati, aliyense ndi njira yake yowerengera. Zinthu zinafika poipa kotero kuti mu 1974 bungwe la boma la America loyang'anira zamalonda, Federal Trade Commission, linaika lamulo. Linati wogulitsa azinena mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, mbali zonse ziwiri zikugwira nchito pamodzi. Azichula sipika ya ma ohm angati imene anapimirapo. Azichula kuyambira mau otsika kufikira okwera amene mphamvuyo ikufikira. Ndiponso kuculuka kwa kupotoka kwa mau. Lamulo la caka cimeneco linafunanso kuti ampulifaya iyambe yagwira nchito kwa ola lathunthu, itenthe, isanapimidwe. Lamulo la ku America silitimanga ife kuno, koma latipatsa citsanzo ca mmene ciwerengero coona cimaonekera. Cimalembedwa motere: mawati 60 mbali iriyonse, pa ma ohm 8, kuyambira ma hertz 20 kufikira 20,000, kupotoka kosaposa gawo limodzi mwa magawo 1,000. Pena mudzaona zilembo RMS kapena mau akuti continuous power. Fakitale imene yalemba zonsezi ikulolera kuti wina aipime. Imene yangolemba ciwerengero cimodzi cofiira ikudziwa cimene ikubisa.

Tsopano tabwera pa mtima pa nkhani yathu, ndipo ndikupemphani kuti muchere khutu, pakuti apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimatayikira. Khutu la munthu silimva mphamvu monga mmene sikelo imapimira ufa. Mukaika makilogalamu awiri pamene panali imodzi, sikelo imaonetsa kuwirikiza kawiri. Khutu silitero. Kukula kwa mau timakupima ndi madesibelo, dzina locokera kwa Alexander Graham Bell, munthu wa telefoni uja. Mukawirikiza mawati kawiri, mau amakwera ndi madesibelo 3 okha. Madesibelo 3 munthu amawamva ndithu, koma ndi kusintha kocepa, konga kupotoza pang'ono cokuzira mau. Kuti anthu ambiri anene kuti mau akula kawiri, pamafunika madesibelo pafupifupi 10, ndipo madesibelo 10 amafuna mawati owirikiza kakhumi.

Tiyeni tiike zimenezi pa aphunzitsi athu. Ali ndi mawati 25. Akagula ya mawati 50, apeza madesibelo 3. Akagula ya mawati 100, apeza madesibelo 6. Kuti nyimbo zimveke zokula kawiri afunika mawati 250. Conco munthu amene amavutika mtima posankha pakati pa ampulifaya ya mawati 60 ndi ya mawati 80 akuvutikira kusiyana kwa desibelo imodzi ndi kacidutswa, kumene sadzakumva m'cipinda cocezera ana akusewera.

Pali ciwerengero cina cimene anthu saciyang'ana, pamene ndico cimalamulira zonse, ndipo ciri pa sipika. M'Cingerezi amacichula kuti sensitivity. Cimatiuza kukula kwa mau amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, womvera ali pa mtunda wa mita imodzi. Masipika ambiri a m'nyumba ali pakati pa madesibelo 84 ndi 92. Koma alipo ena opitirira malire amenewa, ndipo awiri mwa iwo angatiphunzitse kanthu. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a BBC ku Britain anapanga kasipika kakang'ono kochedwa LS3/5a, koti kazigwira nchito m'malo opanikiza monga m'magalimoto oulutsira mau. Kamatulutsa liu la munthu mokhulupirika kwambiri, koma pa wati imodzi kamangopereka madesibelo pafupifupi 83. Ku America, Paul Klipsch anayamba kupanga mu 1946 sipika yaikulu yoikidwa pa ngodya ya cipinda, yochedwa Klipschorn, imene pa wati imodzi imapereka madesibelo oposa 100. Kusiyana kwa awiriwa kuli pafupifupi madesibelo 20, ndiko kuti mphamvu yowirikiza ka 100. Cimene sipika yaikuluyo imacita ndi wati imodzi, kakang'ono kaja kangafune mawati 100, ndipo kangapse kasanafike pamenepo. Tsono funso lakuti "kodi mawati 60 ngokwanira?" liribe yankho kufikira titadziwa kuti ndi sipika iti.

Tengani pepala ndi pensulo, tiwerengere pamodzi. Tinene kuti masipika anu ndi a madesibelo 87, ndipo mpando wanu uli pa mamita atatu. Mau amacepa ndi mtunda: pa bwalo amatsika ndi madesibelo 6 nthawi iriyonse mtunda ukawirikiza kawiri, motero pa mamita atatu tataya pafupifupi 10. Koma masipika ali awiri, ndipo waciwiri amatibwezera 3. Tatsala ndi madesibelo pafupifupi 80, ndipo makoma a cipinda amaonjezerapo pang'ono. Madesibelo 80 ndi mau aakulu ndithu, oti mufunika kukweza liu polankhula ndi mnzanu. Ndipo tawapeza ndi wati imodzi yokha mbali iriyonse! Anthu ambiri amadabwa akamva kuti madzulo ambiri ampulifaya yao imagwira nchito ndi mphamvu yosafika wati imodzi.

Wina adzafunsa kuti nanga mawati enawo ndi a nchito yanji. Ndi a nsonga za nyimbo. Nyimbo siyenda mosalala ngati kulira kwa injini. Woimba ng'oma akamenya mwamphamvu, kapena kwaya yonse ikalowa pamodzi pambuyo pa liu la munthu mmodzi, mau amadumpha kwa kamphindi kocepa, ndipo pa nyimbo zojambulidwa bwino kudumphako kungafike madesibelo 15 kapena 20 pamwamba pa mau a nthawi zonse. Madesibelo 15 amafuna mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 30, ndipo 20 amafuna yowirikiza ka 100. Ndiye kuti masipika a madesibelo 87, m'cipinda conga cimeneci, akhuta ndi ampulifaya ya mawati a pakati pa 30 ndi 100. Akanakhala a madesibelo 93, gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu imeneyi likanakwanira. Akanakhala a madesibelo 84, pakanafunika kuwirikiza kawiri. Nyimbo zambiri zamakono zimafinyidwa pojambula kuti zizimveka zokwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nsonga zake n'zazifupi. Womvera nyimbo zotere safuna mawati ambiri monga womvera kwaya kapena gulu la zitoliro ndi zeze.

Pano ndiyenera kuulula colakwa canga, pakuti ndinaphunzira mwa kutaya. Ndidakali mnyamata, nditangoyamba nchito, ndinanyamula masipika anga ndi ampulifaya ya mawati 20 kupita nazo ku ukwati wa msuweni wanga. Masipikawo analembedwa kuti angalandire mawati 80, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti mawati 20 sangaphe sipika ya mawati 80. Phwando linali pa bwalo, anthu anali ambiri, ndipo aliyense wodutsa ankapotozako cokuzira mau. Pofika pakati pa usiku nyimbo zinayamba kumveka zokhakhala ngati zikutuluka m'citini, kenaka ndinamva kafungo ka mphira wopsa. M'mawa mwake masipika anali kuimbabe, koma ngati munthu wolankhula atafunda bulangeti kumutu. Timasipika tiwiri ting'onoting'ono ta mau okwera, timene amatichula kuti tweeter, tinali titapsa.

Cinacitika n'ciani? Ampulifaya iriyonse iri ndi denga, ndilo mavolti amene singathe kupitirira. Mukaikakamiza, siikana, imangodula nsonga za mafunde a nyimbo, n'kuzisiya zaphwathalala. Akatswiri amati clipping. Nsonga zikadulidwa, inu mumapitirizabe kukweza, ndipo mbali zonse za nyimbo zimene sizinafike padenga, makamaka mau okwera, zimakwerabe. Kudulako kumabalanso mau ena okwera amene sanali m'nyimbo. Zonsezi zimathamangira ku kasipika kakang'ono kaja, kamene waya wake ndi wopyapyala ngati tsitsi ndipo kanapangidwira mawati owerengeka cabe. Ciwerengero ca mawati 80 cinali ca sipika yonse poimba nyimbo zosapotoka, osati ca kamwana kameneka. Sindikunena kuti ampulifaya yaikulu singaoche sipika. Ingathe, ndipo imaocha msanga m'manja mwa wosasamala. Koma cizindikiro n'cimodzi: mau akayamba kukhakhala, tsitsani nthawi yomweyo, osadikira kuti nyimbo ithe.

Ciwerengero cacitatu ndi ma ohm, ndipo naco ciri kumbuyo kwa sipika. Cimasonyeza mmene sipika imakanizira magetsi, ndipo dzina lake ndi la Georg Ohm wa ku Germany, amene anafalitsa lamulo lake mu 1827. Ma ohm akacepa, magetsi odutsa amaculuka. Ampulifaya yopereka mavolti 20 ku sipika ya ma ohm 8 ikutumiza maampeya 2.5, ndipo mphamvu yake ndi mawati 50. Mavolti omwewo pa sipika ya ma ohm 4 amafuna maampeya 5, ndiwo mawati 100. Zikuoneka ngati phindu, koma ndi katundu wowirikiza kawiri pa msana wa ampulifaya, ndipo imene thanki yake ndi yaing'ono imatentha, imadzizimitsa, kapena imapsa. Ciwerengero ca pa sipika naconso n'congoyerekeza: sipika yolembedwa ma ohm 8 ingatsike kufika pa 5 kapena 4 pa mau ena otsika. N'cifukwa cake ine ndimakonda kuyang'ana ziwerengero ziwiri pamodzi. Ampulifaya yolembedwa mawati 60 pa ma ohm 8 ndi mawati 100 pa ma ohm 4 iri ndi msana wolimba. Imene yangoti zii pa za ma ohm 4, kapena yalemba cenjezo loti musaikepo sipika yocepera ma ohm 8, yadziulula yokha.

Citsanzo codziwika ndi ampulifaya yaing'ono yochedwa NAD 3020, imene inatuluka mu 1978. Inalembedwa mawati 20 okha mbali iriyonse, koma inachuka m'maiko ambiri cifukwa inkatha kuimbitsa masipika ovuta amene ena olembedwa mawati ambiri ankalephera. Ndipo kale kwambiri, mu 1947, D. T. N. Williamson anafalitsa m'magazini ya Wireless World mapulani a ampulifaya ya mavalavu ya mawati 15, imene anthu m'maiko ambiri anaitsatira kwa zaka monga muyezo wa mau abwino. Mawati 15!

Cenjezo limodzi kwa okonda kuculukitsa masipika. Mukalumikiza masipika awiri a ma ohm 8 pa malo amodzi, wofiira kwa wofiira ndi wakuda kwa wakuda, ampulifaya imaona ma ohm 4. Akakhala awiri a ma ohm 4, imaona ma ohm 2, ndipo ampulifaya zambiri za m'nyumba sizipirira zimenezo.

Pa mabokosi mudzaonanso mau akuti Class A, Class AB kapena Class D. Awa si magiredi a mayeso, ndipo A siiposa D monga pa lipoti la sukulu. Ndi njira zosiyana zotsegulira mpope uja. Mu Class A mpope umakhala wotseguka nthawi zonse, nyimbo ziripo kapena palibe, ndipo magetsi ambiri amasanduka kutentha. Yotere imadya magetsi ngati mbaula ngakhale iri cete. Class AB, imene yakhala yofala kwambiri m'nyumba kuyambira nthawi ya mathiransisita, imadya pang'ono ikakhala cete ndi kuonjezera nyimbo zikakula. Class D imatsegula ndi kutseka kotheratu nthawi mazana a zikwi pa sekondi imodzi, ndipo magawo 9 mwa magawo 10 a magetsi amene yalandira ingathe kuwafikitsa ku sipika. Kale akuluakulu ankatiphunzitsa kunyamula ampulifaya m'manja, kuti yolemera ndiyo yabwino, popeza kulemerako kunali kwa thiransifoma yaikulu ndi zitsulo zoziziritsira. Kwa Class AB langizoli likadali ndi nzeru. Koma lero ziripo ampulifaya za Class D zopepuka ngati buku zimene mau ake ndi oyera kwambiri, ndipo kupepuka kokha sikulinso mlandu.

Kuno kwathu nkhani ya magetsi siingasiyidwe pambali. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230. Ampulifaya zina zogwiritsidwa kale nchito zimene zimalowa m'dziko muno zinapangidwira America, kumene ndi mavolti 120, kapena Japan, kumene ndi 100. Mukaiika pa khoma lathu popanda thiransifoma yotsitsa, idzaimba nyimbo imodzi yokha, ya utsi. Werengani kumbuyo musanalipire. Ndiponso mu 2024, cilala citacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ambiri anagula masola, mabatire ndi ma invata. Amene mumadalira batire, Class D idzakusungirani magetsi, pamene Class A idzakumwerani batire nyimbo zisanafike pokoma. Ma invata ena ochipa amatulutsa magetsi a mafunde okhala ndi ngodya m'malo mwa osalala, ndipo thiransifoma ya ampulifaya imalira ngati njuci ndi kutentha ikalandira magetsi otere. Magetsi akazima, zimitsani ampulifaya pa khoma, kuti pobwerera asaipeze yotseguka. M'nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, zulani pulagi. Ndipo m'mwezi wa October, pamene ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa, musaiphimbe ndi kansalu koluka ka pa tebulo, ngakhale kakongole motani. Timabowo ta pamwamba pake ndito mphuno zake.

Tibwerere tsopano ku cinthu cimene cingalepheretse malonda onse. Ampulifaya ya mphamvu ndi theka cabe la makina. Kawirikawiri iribe cokuzira mau, iribe posankhira pakati pa wailesi, foni ndi galamafoni. Nchito zimenezi ndi za cipangizo cina cochedwa preamplifier. Ampulifaya imene aphunzitsi athu ali nayo, monga zambiri za m'nyumba, iri ndi zigawo ziwirizi m'bokosi limodzi. Kuti ilamulire ampulifaya yatsopano, iyenera kukhala ndi timabowo tiwiri kumbuyo tolembedwa Pre Out. Ngati palibe, musalumikize yatsopanoyo ku malo otulukira masipika, pakuti mavolti ake ndi aakulu koposa amene khomo la ampulifaya linapangidwira. Ndipo timabowo tolembedwa Tape Out kapena Rec Out timatulutsa mau pa mlingo wathunthu osamvera cokuzira, kotero kuti masipika adzabangula nthawi yomweyo mukangoyatsa. Wopanda Pre Out asankhe cimodzi mwa ziwiri: agulenso preamplifier, kapena agule ampulifaya ina yokhala ndi zonse m'bokosi limodzi. Amene zakuyenderani bwino, sungani mwambo uwu: ampulifaya ya mphamvu imayatsidwa pomalizira ndi kuzimitsidwa poyambirira, kuti kugunda kwa zipangizo zina poyaka kusafike ku masipika.

M'misika yathu zofala kwambiri ndi ampulifaya zikuluzikulu za m'machalichi ndi m'maholo. Mtengo wake pa wati imodzi ndi wotsika, koma zambiri ziri ndi kafani kamene kamalira nthawi zonse. M'holo palibe amene amakamva. M'cipinda cocezera, usiku, nyimbo ikatsika, mudzamva kafani kokhakokha.

Wogula yogwiritsidwa kale nchito apemphe kuti iyatsidwe ndi kuimba kwa theka la ola, pakuti matenda ambiri amaonekera ikatentha. Amvetsere mbali iriyonse payokha. Aike khutu pafupi ndi sipika nyimbo itaima; kuphweee kocepa n'kwacibadwa, koma kung'ung'udza kwakukulu kumasonyeza makapasita okalamba, amene amauma pakapita zaka makumi angapo. Wokonza mawailesi angathe kupima ndi mita yake ngati pa malo otulukira masipika pali magetsi osayenera. Inu nokha musatsegule civundikiro, cifukwa makapasita amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Ndipo ampulifaya ya mavalavu isayatsidwe popanda masipika.

Poyesa m'sitolo, tengani nyimbo zanu zimene mumazidziwa ngati njira ya ku mpope. Ine ndimatenga zitatu: kalindula wokhala ndi besi yothamanga, kuti ndimve ngati liu lirilonse la besi likumveka palokha kapena zonse zasanduka mtunthumira umodzi, cimbale ca gulu la Amanaz cochedwa Africa, ca mu 1975, cifukwa ca magitala ake, ndi liu la munthu wolankhula, popeza khutu lathu limadziwa liu la munthu koposa cina ciriconse. Samalani ndi msampha umodzi. Pa zinthu ziwiri zofanana, cimene cakwezedwa pang'ono, ngakhale ndi desibelo imodzi, cimamveka ngati cabwino koposa, ndipo amalonda ocenjera amadziwa zimenezi. Onetsetsani kuti zonse ziwiri zikuimba pa mlingo umodzi. Mukatero mudzapeza cinthu cimene magazini okongola sakonda kunena, cakuti ampulifaya ziwiri zopangidwa bwino, zosakakamizidwa kufika padenga, zimasiyana pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene masipika awiri amasiyanira. Za nthambo musavutike: waya wamba wa mkuwa wa mamilimita 1.5 kapena 2.5 ndi wokwanira pa mamita owerengeka a m'nyumba, ndipo mkuwa wa pa Copperbelt sudziwa mtengo umene walembedwa pa paketi.

Palinso cipangizo cimene ciribe sitolo yogulako cina. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mau a madesibelo 80, ndipo pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Mawati oonjezera akhale a nsonga za nyimbo zija, za kamphindi, osati oimbira tsiku lonse.

Tsono aphunzitsi a ku Petauke, yankho langa kwa inu ndi ili. Ndalama zanu zikhale kaye m'thumba sabata ina imodzi. Tembenuzani masipika a malemu atate, mulembe ma ohm ake, ndi madesibelo ngati alembedwapo. Ngati palibe, dzina ndi nambala ya sipikayo zidzakuthandizani kuzipeza pa intaneti. Yang'anani ngati ampulifaya yanu iri ndi Pre Out. Kenaka cotsani masipikawo m'kabati kapena pa ngodya pamene ali, muwaike motalikirana mamita awiri, timasipika ting'onoting'ono tikhale pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, ndipo muone kuti waya wofiira wapita kofiira mbali zonse ziwiri, pakuti umodzi ukatembenuzidwa besi imathawa. Imbani nyimbo imene mumaikonda pa mlingo umene mumamvera masiku onse. Ngati mau akukhakhala ng'oma zikalowa, kapena ampulifaya ikutentha moti dzanja silingakhalepo, ndiye kuti mawati 25 akucepadi, ndipo ija ya mawati 60 idzakupatsani madesibelo pafupifupi 4 ndi msana wolimba. Ikapezeka ya mawati 100 oona pa mtengo womwewo, tengani imeneyo. Koma ngati mau ali oyera ndipo mukungomva kuti cina cikusowa, ampulifaya yatsopano siidzacibweretsa. Pamenepo pitani ndi masipikawo kwa wokonza, aone ngati mphira wozungulira sipika yaikulu sunafumbwe ndi ukalamba, ndiponso ngati timasipika ta mau okwera tikali moyo. Mutilemberenso zimene mwapeza.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za singano ya galamafoni ndi kasamalidwe ka zimbale zakale. Tsalani bwino.